Woluma Tirigu wa ku Dambe

Makwacha asanu ndi atatu ndi matambala makumi anayi: amenewa ndiwo anali malipiro a pamwezi a bambo Gerishon Fackson a ku Dambe pa nyengo yogula mbewu, ndipo ndalama zonsezi ankazipeza ndi mano. Sindikuphiphiritsa. Ntchito yawo pamsika wogulira mbewu inali yoluma. Mlimi akatula thumba la tirigu, la chimanga kapena la nyemba, lisanakwere pasikelo a Fackson ankapisa mkono mpaka pansi pa thumbalo, n'kutapa njere zingapo, n'kuziluma imodziimodzi ndi mano akutsogolo. Njere youma imasweka ndi kaphokoso. Yosauma imangophwatalala mwakachetechete. Makina oyezera chinyezi mwina analipo m'mizinda, koma palibe amene akanawakwezera m'mapiri a Neno, pamsewu umene ngakhale lole inkafika ikubuula. Choncho msika wonse unadalira nsagwada za munthu mmodzi, ndipo anthu anawatcha a Maluma.

Mano awo anali oyera ndi ondondozana bwino ngati mizere ya chimanga chokhwima. Ankawasamala monga mmisiri asamalira zipangizo zake. Sankatsekula botolo ndi mano, sankamwa tiyi wotentha kwambiri, ndipo nzimbe ankadya pokhapokha akazi awo, mayi Dailesi, atasenda ndi kuiduladula. Anzawo akawaseka, iwo ankayankha kuti, "Inu makasu anu mumasunga m'nyumba. Anga ndimayenda nawo."

Koma mano amenewa anali ndi mdani, ndipo mdaniyo anali mwini wake yemweyo. A Fackson ankakukuta mano akagona. Vutoli analitenga ku migodi ya ku Joni, kumene anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri asanabwerere kwawo mu 1966. Tsiku lina thanthwe linagumuka pansi pa mgodi n'kuwatsekera mumdima pamodzi ndi anzawo anayi, ndipo pamene ankawafukula mawa lake, amoyo anali awiri okha. Kuyambira pamenepo, tulo tikangowatenga, nsagwada zinkayamba kupera ngati mwala wa mphero. Anzawo ogona nawo m'komponi ankawagenda ndi majombo. M'mawa ankadzuka mutu ukuwawa, ndipo mano anayamba kutha m'nsonga.

Chinawapulumutsa ndi masewera a nkhonya. Lamlungu masana amuna a m'komponi ankamenyana m'bwalo la zingwe, ndipo a Fackson, pokhala wamtali ndi wa mikono yaitali, ankalowa nawo. Mphunzitsi wa masewerawo, mkulu wina wa ku Lesotho, ankapatsa wankhonya aliyense mphira yotetezera mano, kachidutswa kakuda kopindika ngati uta. Ankayamba waiviika m'madzi owira kuti ifewe, kenako mwini wake ankailuma kolimba, ndipo ikazizira inkasunga malo a dzino lililonse. Mphira ya munthu mmodzi sinkalowa m'kamwa mwa mnzake. Mkuluyo atamva za kukukuta kuja anangoti, "Uzigona nayo." Anagona nayo, ndipo mphero inakhala chete.

Pobwerera kwawo anabwera ndi bokosi lachitsulo, mabulangete awiri, ndi mphirayo m'kachitini ka fodya. Nkhonya anazisiya ku Joni komweko. Ku Dambe sanamenyepo munthu. Mayi Dailesi ankaitsuka mphira ija m'mawa uliwonse pamodzi ndi makapu, n'kuibwezera m'kachitini. Kupatula iwo ndi mwana wawo wamkazi Stelia, palibe wina ankaidziwa, chifukwa a Fackson ankachita manyazi kuti mwamuna wamkulu azigona atalumira kanthu ngati khanda pabere. Manyazi amenewo ndiwo anadzawapweteka. Tsiku limene mphirayo inaonekera pagulu, panalibe mnansi ngakhale mmodzi wotha kunena chimene inali.

Mu Seputembala 1976, tirigu atapunthidwa, pamsika panafika bambo Jimu Bester ndi matumba asanu ndi limodzi pangolo. A Bester anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo, ndipo masiku amenewo chipani chinali chimodzi, kotero kuti wotsutsa tcheyamani ankaoneka ngati watsutsa dziko lonse. Anali ndi kagolosale ndi njinga yakuda. Analinso ndi kanzeru kamene alimi ena osaona mtima anali nako, kowaza madzi m'tirigu madzulo kuti m'mawa akalemere pasikelo.

Kalaliki wa pamsika, bambo Laimoni, ataona ngoloyo anatsamira kwa a Fackson n'kunong'ona.

"Achimwene, awa musalume. Mano apumeko lero."

"Apuma bwanji ali pantchito?" anatero a Fackson.

Anapisa mkono m'thumba loyamba, analuma njere, sinalire. Analuma yachiwiri ya m'thumba lina, sinalire. Yachitatunso chimodzimodzi. Anavula chipewa.

"Tirigu ndi wabwino, a tcheyamani, koma wamwa. Kamuyanikeni masiku atatu."

"Wamwa?"

"Madzi, bwana. Sindinanene kachasu."

Iwo ankayesa kuti nthabwala ifewetsa mawuwo. Mayi wina pamzere analephera kudzigwira, anaseka, ndipo phwete linayenda mzere wonse mpaka kumapeto kumene anthu sanamve n'komwe chimene chinanenedwa. A Bester sanakalipe. Anayang'ana pakamwa pa a Fackson nthawi yaitali.

"Mano abwino, a Maluma," anatero. "Muziwasamala." Ndipo analamula kuti ngolo itembenuke.

Alipo mpaka lero amene amati a Fackson anapusa. Onena zimenezi ayenera kuti sanaonepo chimene tirigu wosauma amachita m'shedi. Amatentha, amachita nkhungu, ndipo nkhunguyo siyang'ana dzina lolembedwa pathumba: imalowa m'matumba oyandikana nawo, a amasiye ndi a nkhalamba amene anasenza tirigu wawo pamutu kuchokera kuseri kwa phiri. Pokana matumba asanu ndi limodzi, a Fackson ankateteza mazana. Ntchito imene ankalipidwira inali yomweyo, ndipo anaigwira.

Patapita milungu itatu kunalengezedwa msonkhano. Kunkabwera mlendo wamkulu wa chipani wochokera ku boma. Msika unatsekedwa, makalasi anatsekedwa, ndipo anyamata a malaya ofiira, amene anali manja ndi miyendo ya tcheyamani, anayenda khomo ndi khomo kuonetsetsa kuti pasatsale munthu. Dzulo lake a Fackson anali atathera tsiku lonse akusenza mabenchi ndi kumanga chisakasa cha alendo pabwalo la mpira la pasukulu, ndipo m'mawa wa msonkhanowo anadzuka thupi lili lolemera.

Mayi Dailesi ndiwo anaganiza za kachitini kaja.

"Bambo a Stelia, tengani kachitini kanu."

"Masana ano?"

"Mukasinza kumeneko, ndikukudziwani. Mukakayamba mphero yanu mlendo akulankhula, akati mwakwiya. Tengani."

Mayiwa ankanena zoona. M'chilankhulo chathu kukukuta mano kuli pawiri. Akukuta mano munthu wogona, amene sadziwa chimene nsagwada zake zikuchita. Akukutanso mano munthu amene mkwiyo wamudzaza koma sangathe kuunena. Mawu ake ndi amodzi omwewo, ndipo m'zaka zimenezo munthu sankapatsidwa mpata wosankha tanthauzo limene ankafuna. A Fackson anaponya kachitini m'thumba la jekete.

Anthu anakhazikidwa pansi nthawi ya seveni m'mawa, amuna mbali yawo, amayi ovina mbali yawo. Mlendo anafika itadutsa thu koloko. Maola onsewo dzuwa la Okutobala linali pamutu, ndipo wonyamuka kukamwa madzi ankabwezedwa ndi chikoti. Mlendo atayamba kulankhula sanafulumire. Analankhula za umodzi, za kumvera, za ulimi wamakono, n'kubwereranso ku umodzi. Ola litatha, a Fackson anamva zikope zikulemera. Anawerama ngati akutsokomola, anatulutsa mphira m'kachitini, anailowetsa m'kamwa, n'kuika chipumi pamaondo. Anagona mwaulemu kuposa munthu aliyense amene anagonapo pamsonkhano. Sipanamveke kanthu.

Mlendo atatsiriza, a Bester anadumpha n'kufuula mfuu ya masiku amenewo: "Kwacha!"

Bwalo lonse linaimirira n'kuyankha, "Kwachaaa!" Anatsala pansi munthu mmodzi. Woyandikana nawo anawatsina, ndipo a Fackson anadzuka mopupuluma, koma a Bester anali atawaona kale. Anali akudikira kanthu kotere kwa milungu itatu.

"A Maluma! Kwanu kokha sikunache?"

Anthu anaseka, ena mwa mantha, ena chifukwa zinali zoseketsadi.

"Bwerani kutsogolo kuno. Muyankhe nokha, mlendo wathu amve. Kwacha!"

A Fackson anaima pamaso pa chisakasa chimene anamanga okha. Kupisa zala m'kamwa kapena kulavula pamaso pa mlendo wamkulu kunali chipongwe, ndipo iwo anaganiza kuti angathe kuyankha mphira ili momwemo. Chimene chinatuluka chinali kubuula chabe, ngati kwa ng'ombe.

"Muli ndi chiyani m'kamwamo? Lavulani!"

Mphira inagwa m'fumbi, yakuda, yonyowa, malo a mano akuoneka bwinobwino. Amayi a kutsogolo anafutuka, ndipo wina anakuwa kuti ndi nsagwada ya maliro. A Bester anaitola ndi kamtengo n'kuikweza m'mwamba, kuti ngakhale a kumbuyo aione.

"Bwana, mwadzionera nokha. Ndi amene anapita ku Joni awa. Munthu wadzitseka pakamwa ndi chitsekero, kuti dzina la mtsogoleri wathu lisatuluke m'kamwa mwake."

"Iyayi, bwana," anatero a Fackson. "Imeneyo ndi ya nkhonya."

"Ya nkhonya! Mwamva? Wabwera pamsonkhano atakonzekera nkhonya. Mumati mumenye yani, achimwene? Ine, kapena bwana?"

Apa mayi Dailesi anatuluka pagulu la amayi ovina, anathamanga, n'kugwada m'fumbi pamaso pa mlendo.

"Bwana, pepani, wolakwa ndine. Ndine ndinawauza kuti atenge. Amuna angawa amakukuta mano. Ndinaopa kuti angakukute mano inu mukulankhula."

A Bester anawerama n'kulankhula mofatsa, ngati munthu wothandiza nkhalamba kuwoloka mtsinje.

"Mayi, tabwerezani. Mlendo sanamve bwino."

Mayi Dailesi anabwereza, mawu omwewo, mokweza, poganiza kuti akupulumutsa mwamuna wawo.

"Basi," anatero a Bester potembenukira kugulu. "Si ine ndanena. Wanena ndi mkazi wake, wogona naye nyumba imodzi. Bwana akamalankhula, munthu uyu amakukuta mano. Ndiye ndifunse, anthu a ku Dambe: akukutira yani?"

Pabwalopo panali aphunzitsi, panali akulu a mpingo, panali alimi mazana amene tirigu wawo anapulumuka chifukwa cha mano omwewo. Aliyense wa iwo ankadziwa mwana kapena m'bale amene amakukuta mano ali mtulo. Onse anayang'ana pansi. Mlendo anayang'ana wotchi yake, ananena kuti nkhani za kumudzi athane nazo eni mudzi, n'kupita kukadya mbuzi imene anthu omwewo anasonkha.

Sanawatengere kupolisi, ndipo panalibe bwalo la milandu limene linamva nkhaniyi. Anawatengera kuseri kwa sukulu, pamene panali mulu wa miyala yoti amangire maziko a kalasi yatsopano. Anyamata anali asanu ndi mmodzi. A Fackson akanafuna, akanagwetsa atatu a iwo asanadziwe chimene chawagunda. Mikono imene inamenya amuna a mumgodi inali ikadali yomweyo. Koma ankadziwa kuti nkhonya imodzi yokha ikanatsimikiza zonse zimene a Bester ananena, ndipo iwo akanapita kumene anthu sankabwerako, Stelia n'kuchotsedwa sukulu. Anaika okha manja kumbuyo, asanauzidwe.

A Bester anasankha mwala wofanana ndi dzira la nkhuku.

"Ntchito yanu ndi yoluma, eti? Talumani uwu, mutiuze ngati wauma."

Anaulowetsa pakati pa mano akutsogolo. Awiri anagwira mutu, wina anamenya chibwano chapansi ndi mpini wa khasu.

"Wauma?"



"Sunaume. Kauyanikeni masiku atatu," anatero a Bester, ndipo anyamata anaseka. Anatola mwala wina.

Anachita zimenezi katatu, chifukwa njere zimene a Fackson analuma pamsika zinali zitatu. A Bester anali munthu wosunga chiwerengero. Kutsogolo kwa sukulu amayi anauzidwa kuti akweze nyimbo mlendo asasokonezedwe pa chakudya, ndipo mayi Dailesi anabwezedwa pamzere wawo n'kulamulidwa kuimba nawo. Anaimba.

Mano amene anachoka tsiku limenelo anali khumi ndi limodzi: akutsogolo onse asanu ndi atatu, ndi ena atatu a m'mbali.

Madzulo anawanyamulira kukachipatala kakang'ono ka m'deralo, kumene namwino anali mayi Constance, wochokera ku Nkhotakota, amene anatumizidwa kumapiri kuno zaka ziwiri m'mbuyomo. Anasoka mlomo, anazula zitsa za mano osweka popanda mankhwala oletsa ululu chifukwa analibe, ndipo a Fackson sanalire. Atatha anatsekula buku la odwala n'kulemba kuti: Wagwa panjinga. Anawerenga mokweza kuti mayi Dailesi amve, popeza iwo sankadziwa kuwerenga.

"Alibe njinga, anamwino."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ine ndili ndi ana atatu, ndipo bukuli amabwera kudzaliwerenga."

Ine ndine mmodzi wa ana atatuwo. Bukulo ndinaliona ndi maso anga nditakula, ndipo zolembazo ndi za mayi anga, zoongoka ndi zosamalika monga mwa nthawi zonse. Sukulu imene ndinaphunzira, imene ikundilola kulemba izi, inatetezedwa ndi mawu awiri amenewo. Sindingawatsuke mayi anga, ndipo sindingadzitsuke.

M'mawa mwake, ana asanafike pasukulu, mayi Dailesi anapita pamulu wa miyala paja n'kuyamba kupeta fumbi ndi zala. Anapeza mano asanu ndi anayi, ena athunthu, ena zidutswa zoti n'kulumikiza. Mwana akaguluka dzino amaliponya padenga kuti limere lina. A munthu wa zaka makumi anayi palibe denga loti aponyepo. Anawatsuka n'kuwaika m'kabotolo. Awiri sanawapeze.

Patatha milungu iwiri a Fackson anabwerera kumsika, chipewa chili m'manja. Bambo Laimoni sanawayang'ane kumaso. Anangotapa tirigu m'thumba n'kuwapatsira m'chikhatho.

"Tayesani, achimwene."

Anakankhira njere m'tsaya, kumano akumbuyo. Nsagwada inali isanabwerere m'malo mwake, ndipo ululu unaphimba china chilichonse. Njere inasweka, koma ngati inalira kapena ayi, iwo sanamve.

"Ndikhoza kumva ndi khutu," anatero, mawu akutuluka ndi mpweya m'magweru. "Ndikaika m'chitini n'kukhutchumula, youma imalira mwina, yosauma imalira mwina. Kapena ndiziphwanya ndi kamwala."

Atatchula mwala anasiya okha.

"Ntchito yake ndi yoluma, achimwene," anatero a Laimoni. "Palembedwa choncho. Ine ndingatani?"

Ntchitoyo inapatsidwa kwa mlamu wawo wa a Bester, mwamuna wa mano athunthu amene njere iliyonse inkamuumira malinga ndi mwini thumba. Pa pepala la malipiro panalembedwa kuti Fackson anasiya ntchito osatsanzika, choncho za masiku amene anagwira mu Okutobala sanalandire. Matumba asanu ndi limodzi aja analowa m'shedi, pamodzi ndi ena ambiri onga iwo. Pofika Disembala shedi inkanunkha mpaka kumsewu. Kunabwera kalata yonena kuti alimi a ku Dambe ndi osakhulupirika, amagulitsa tirigu wonyowa, ndipo chaka chotsatira tirigu wa dera lonse anagulidwa pa giredi yotsika. Amene anayang'ana pansi pabwalo paja analipira nawo, koma sindinamvepo mmodzi wa iwo akulumikiza zinthu ziwirizi pagulu.

Chilango chenicheni chinayamba pambuyo pake, ndipo a Bester sanafunikirenso kukweza dzanja. Mphira ija sinabwezedwe. Popanda iyo, mano makumi awiri ndi limodzi amene anatsala anayamba kudyana okhaokha tulo tikabwera, ndipo tsopano ankapera mwamphamvu kuposa kale, chifukwa pa thanthwe la mumgodi panali pataonjezereka miyala itatu. Anayamba kung'aluka limodzilimodzi. A Fackson anayesa kusema ina kuchokera ku tayala lakale, monga achitira osoka nsapato za matayala, koma mphira ya tayala siifewa m'madzi owira, ndipo inawacheka nkhama mpaka anaitaya. Anafunsa m'masitolo a amwenye pamene anapita ku Blantyre kumaliro. Ogulitsa sanamve chimene ankanena, ndipo ena anayesa kuti aledzera.

Ndiye anachita chimene chinali chovuta kuposa kuluma mwala. Anapita kugolosale ya a Bester, anavula chipewa, n'kupempha.

"A tcheyamani, ndimati kamphira kanga kaja. Kwa inu kalibe ntchito. M'kamwa mwa wina sikalowa."

"Kanapita ku boma, a Maluma. Ndi umboni. Boma likathana nako lidzakuitanani."

Anapita kachiwiri itatha miyezi itatu, anamva zomwezo. Ulendo wachitatu a Bester anali m'kati akuyeza mchere, ndipo a Fackson anadikira pakhonde, pamene njinga yakuda ija inatsamira khoma. Maso awo anagwera pa mabuleki a tayala lakumbuyo. Timphira take tinali tatsopano, todulidwa ndi mpeni mosalongosoka, ndipo pa kamodzi panali timaenje tiwiri toyandikana. Munthu sangaiwale malo a mano ake.

A Bester anatuluka akupukuta manja, n'kuona pamene iwo ankayang'ana. Sanabise.

"Imagwira bwino zedi potsetsereka," anatero. "Mapiri athu ano ndi oopsa. Mano anu akundisamala, a Maluma."

A Fackson anavala chipewa n'kubwerera kwawo. Sanapitenso.

Zaka makumi awiri zapita. A Bester anatula utcheyamani mwaulemu, ndipo lero ndi mkulu wa mpingo. Lamlungu ndiwo amayendetsa mbale ya zopereka, ndipo akafika pa benchi ya a Fackson amaima kudikira. Akakumana panjira nyengo yokolola amapereka moni wa ulemu wonse: "Muli bwanji, a Fackson? Kodi tirigu wauma chaka chino?" Anyamata a malaya ofiira aja ndi abambo a mabanja, ndipo ana awo amatsanzira kalankhulidwe ka a Fackson akamadutsa. Stelia anamaliza sukulu, ndipo ndi mphunzitsi ku Ligowe. Chimenecho chokha ndicho manja oikidwa kumbuyo aja anagula. Mayi Dailesi kuyambira tsiku lija sanatchulenso mawu akuti kukukuta. Akafuna kunena za vuto la amuna awo amangoti "zija".

A Fackson atsala ndi mano anayi m'kamwa, ndipo palibe awiri amene amakumana. Amadya phala ndi mbatata yophwanya. Amalimabe tirigu pang'ono, ndipo akafuna kudziwa ngati wauma amaitana akazi awo kuti awalumire, iwo n'kutchera khutu pafupi ndi tsaya la mayiwo. Akuti salakwitsa. Za malipiro a Okutobala uja safunsa, ngakhale kuti sanaperekedwe mpaka lero, ndipo kupepesa kwa munthu aliyense sakuyembekeza. Nditawafunsa chimene akufuna, ananena chinthu chimodzi: kuti tsiku lawo likadzafika, adzaikidwe m'manda ali athunthu, monga anabwerera kuchokera ku Joni.

N'chifukwa chake dzino lililonse limene linaguluka pambuyo pake linalowa m'kabotolo kaja. Anandikhuthulira pamphasa n'kuwerenga ndi chala: makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Kuphatikiza anayi a m'kamwa, akukwana makumi atatu. Munthu amakhala ndi makumi atatu ndi awiri.

Kalasi ija inamangidwa, ndipo miyala ya pamulu paja ili m'maziko ake. Mbali ina ya malowo inathiridwa simenti. Koma mvula yoyamba ikagwa n'kukokolola dothi la kuseri kwa sukulu, mayi Dailesi amapitabe kumeneko m'mamawa, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa khoma, atawerama, akutembenuza timiyala toyera ndi chala. Aphunzitsi atsopano amayesa kuti ndi nkhalamba yosokonezeka mutu, ndipo wina anawauzapo kuti asamasokoneze ana. Awiri aja sanapezekebe.